Kusamuka pa community college kupita ku yunivesite yapamwamba ku America: mwayi wake ndi wotani?

Moni nonse amene mukutionera. Lero tikambirana funso limene limavutitsa ophunzira ambiri ku America, nzika za dzikolo ndi alendo omwe. Munthu akayamba maphunziro ake pa community college, yomwe ndi koleji ya boma ya zaka ziwiri yolandira pafupifupi aliyense amene wamaliza sekondale, kodi ali ndi mwayi wotani wodzasamukira ku yunivesite imene imasankha anthu ochepa kwambiri? Yankho lagona pa chinthu chimodzi chimene ambiri sachiona msanga: pali mayunivesite amene analambula msewu wa osamuka, ndipo pali ena amene anangosiya kampata kakang'ono kumpanda.

Tiyambe ndi a kampatawo. Ku Harvard, anthu oposa 1,000 amapempha malo chaka chilichonse kuti asamukireko kuchokera kumakoleji ena, koma olandiridwa sapitirira pafupifupi 1 mwa 100 alionse. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa: ophunzira amene analowa m'chaka choyamba sachoka, choncho malo otseguka m'chaka chachiwiri kapena chachitatu amakhala owerengeka. Princeton inasiyiratu kulandira osamuka mu 1990, ndipo pamene inatsegulanso khomo mu 2018 inalandira anthu 13 okha, ikuika mtima kwambiri pa asilikali opuma ntchito, ophunzira a m'mabanja osauka ndi ochokera ku community college. Aliyense ali ndi ufulu woyesa mwayi wake kumeneko, koma kuika chiyembekezo chonse pa mayunivesite amenewa n'kudzinamiza.

Ku California nkhani ndi ina, ndipo inayamba kalekale. Mu 1960, pa nthawi imene Clark Kerr anali mtsogoleri wa University of California, boma la chigawochi linakhazikitsa dongosolo logawa ntchito pakati pa sukulu zake zaukachenjede, ndipo makoleji a zaka ziwiri anapatsidwa udindo wokonzekeretsa ophunzira amene adzamalize digiri yawo ku yunivesite. Lero chigawochi chili ndi makoleji otere 116, ndipo University of California inadziikira cholinga choti pa ophunzira 2 alionse a m'chigawochi olowa chaka choyamba, pazikhalanso 1 wosamuka. Zotsatira zake zimadabwitsa amene akumva koyamba. M'zaka zaposachedwapa UCLA, kampasi ya University of California ya ku Los Angeles, yakhala ikulandira pafupifupi 1 mwa 10 alionse opempha malo kuchokera ku sekondale, pamene mwa opempha kusamukira kumeneko yakhala ikulandira pafupifupi 1 mwa 4 alionse, ndipo ochuluka zedi mwa iwo amachokera m'makoleji a boma a ku California komweko. Wophunzira amene anakanidwa ali ndi zaka 18 akhoza kulowa pa yunivesite yomweyo ali ndi zaka 20, n'kudzatuluka ndi digiri yosasiyana ndi ya mnzake amene analowa poyamba.

Palinso pangano lotchedwa TAG, limene limamutsimikizira wophunzira malo ngati wakwaniritsa zofunika zonse, ndipo amalipempha m'mwezi wa September. Makampasi 6 a University of California ndiwo ali m'panganoli: Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz. Onetsetsani kuti Berkeley, UCLA ndi San Diego mulibemo, ndiye wofuna atatu amenewa ayenera kupikisana basi. Chigawo cha Virginia nacho chili ndi pangano lofananako pakati pa makoleji ake a zaka ziwiri ndi University of Virginia.

Apa mpofunika kuchenjeza pa nkhani ya magiredi, chifukwa ambiri amasokera poona malire otsikitsitsa. University of California imafuna mayuniti 60 a semesita ovomerezeka (yuniti ndi muyeso wa kuchuluka kwa makosi amene mwamaliza), ndi GPA (avereji ya magiredi, imene malire ake apamwamba ndi 4.0) yosachepera 2.4 kwa okhala m'chigawochi kapena 2.8 kwa ochokera kwina. Manambala amenewa amangokulolani kupereka pempho. Amene amalandiridwadi ku Berkeley ndi ku UCLA nthawi zambiri amakhala ndi GPA yoyandikira 4.0, ndipo phunziro limene mwasankha limasintha zinthu kwambiri: mpikisano wa sayansi ya makompyuta kapena uinjiniya ndi woopsa kuposa wa mbiri yakale kapena filosofe, ngakhale pa kampasi imodzimodziyo. Choncho chiwerengero chija cha 1 mwa 4 musachitenge ngati chanu musanaone za dipatimenti imene mukuilakalaka.

Koma pamene anthu ambiri amagwera si pa tsiku losankhidwa, ndi m'zaka ziwiri zoyambirira zija. M'dziko lonse la America, pafupifupi 4 mwa 5 alionse olowa community college amanena kuti akufuna digiri ya zaka zinayi, koma amene amasamukadi ndi pafupifupi 1 mwa 3, ndipo amene amakhala atalandira digiriyo pakatha zaka 6 sakwana 1 mwa 5. Ena amasiya chifukwa cha ntchito ndi udindo wa pabanja. Ena amaphunzira mwakhama ndithu, koma maphunziro amene yunivesite sidzawawerengera. Mu 2017 ofesi ya boma la America yofufuza kayendetsedwe ka ntchito zaboma, GAO, inapeza kuti osamuka ankataya pafupifupi 43 peresenti ya makirediti awo, kutanthauza mayuniti amene anali atapeza kale. Kwa ine, chiwerengero chimenechi n'chofunika kuposa cha Harvard chija, chifukwa vuto limeneli wophunzira angathe kulipewa yekha. Ku California kuli tsamba la pa intaneti lotchedwa ASSIST, limene limasonyeza kosi iliyonse ya pa koleji yanu imene yunivesite inayake imaivomereza pa phunziro linalake, ndipo wanzeru amalitsegula asanalembetse semesita yoyamba, osati yomaliza. Si mwangozi kuti Santa Monica College yakhala ikutumiza ophunzira ochuluka kwambiri ku University of California kwa zaka zambiri; njira imeneyi anthu a kumeneko anaizolowera.

Mawu ochepa kwa inu amene mukuganiza zopita ku America pa viza ya ophunzira, ya F-1. Mtengo wa madola 46 pa yuniti umene mumamva wa pa community college ndi wa okhala ku California. Mlendo amalipira kangapo kuposa pamenepo, ndipo akasamukira ku University of California amawonjezera madola oposa 30,000 pachaka pamwamba pa fizi ya anzake, pamene thandizo la ndalama kwa osamuka ochokera kunja ndi lochepa kwambiri. Werengerani mtengo wa zaka zonse zinayi musanalembe kalata yoyamba yopempha malo.