Franschhoek: kamsewu kachiFrench komwe simumva chiFrench

[Kamera ili pa chikwangwani cha msewu, kumbuyo kukuoneka mapiri]

Abale anzanga muli bwanji, lero tatulukako mu Cape Town tayenda makilomita pafupifupi 75 tafika kuno ku Franschhoek. Msewu ndaimawu ndi Huguenot Road, ndipo kunena zoona tauni yonse ndi msewu umenewu basi, mukayenda osaima mphindi 20 mwaumaliza, koma ndani angayende osaima.

Taonani maina a mashopu ndi mafamu, La Motte, Chamonix, La Dauphine, mungaganize kuti ndege yatitsitsa ku Paris eti? Nkhani yake ndi iyi. Mu 1685 mfumu Louis XIV ya ku France inaletsa chipembedzo cha Chiprotestanti, anthu aja otchedwa ma Huguenot nkuthawa, ambiri anapita ku Holland. Kampani ya maDutch yomwe inkalamulira ku Cape inkafuna alimi, ndiye kuyambira 1688 anthu pafupifupi 200 anabwera pa sitima zapamadzi, ena nkupatsidwa minda mchigwa muno. Poyamba malo ano ankatchedwa Olifantshoek, kona ya njovu, chifukwa njovu zinkabwera muno, kenako dzina nkusintha kukhala Franschhoek kutanthauza kona ya maFrench. Njovu zinatha kalekale, ndipo chiFrench chenichenicho nachonso sichinakhalitse, akampani anakakamiza kuti kusukulu ndi kutchalitchi kuzikhala chiDutch moti pofika pa zidzukulu chinali chitazilala. Chinatsala ndi maina a makolo. Inu okonda rugby, Du Toit uja wa Springboks, kapena De Villiers ndi Du Plessis a cricket, mizu yawo ndi anthu amenewa.

[Tikuyenda, matebulo ali panja mmakhonde, anthu akumwa khofi]

Ndiye apa ndi pamene pali nkhani. Malesitilanti ali mbali zonse ziwiri, khomo ili lesitilanti, khomo linalo shopu ya zojambula, linalo vinyo, linalo chokoleti chopangira pomwepo fungo lake likumveka mpaka panja. Menyu amaiika pakhomo mu kagalasi, ndipo langizo langa ndi lakuti muziwerenga kaye musanakhale pansi, palibe amene akuthamangitseni chifukwa chowerenga. Malo ena apamwamba amakupatsani tizakudya tating'onoting'ono pa mbale yaikulu ngati chiwaya, kanyama kofanana ndi bokosi la machesi, tamasamba tiwiri, kamsuzi kodonthezera mmbali, amabweretsa kangapo kangapo mpaka maola atatu ndipo ena kuti mupeze tebulo muyenera kubukitsa masabata angapo tsikulo lisanafike. Ine wokulira nsima ya mitanda itatu zinandivuta kumvetsa, koma kukoma kokha ayi sindinganame.

Mukadya musaiwale tipu. Kuno 10 peresenti ya bilu ndiye chizolowezi, ndipo ma waiter ambiri ndalama yawo yeniyeni imachokera pamenepo. Chimodzimodzi anyamata ovala ma bibu owala aja olondera magalimoto, muwasiyireko kenakake.

Tsopano tcherani khutu. Kutsogolo kuno mukumva chizungu, chiAfrikaans, chiGerman cha alendo, koma chitseko cha kukhitchini chikangotseguka mumva chiXhosa, chiShona, nthawi zina Chichewa chathu chomwe. Ine mmawa uno ndimayitanitsa khofi mchizungu changa chothyokathyokacho, mnyamata akulemba, kenako anangondiyang'ana nkunena chapansipansi, achimwene kwanu nkuti? Tinaseka mpaka bwana wake anatembenuka. Sindinamujambule, ali pantchito ndipo si aliyense amafuna kuoneka pa intaneti, inunso mukabwera muzipempha kaye.

Anthu ogwira ntchitowa sagona mumsewu uno ayi, lendi yake sangaikwanitse. Polowa mtauni muja tadutsa Groendal, ndipo chakumtunda kwake kuli Langrug komwe kuli tinyumba ta malata tothithikana mphiri, ambiri amachokera kumeneko wapansi mbandakucha. Groendal yomweyo ndi kwawo kwa Reuben Riffel, shefu wotchuka uja ankaweruza pa mpikisano wophika wa pa TV wa MasterChef South Africa, anayamba ngati waiter kenako kukhitchini mpaka kutsegula lesitilanti ya dzina lake, Reuben's, mu 2004.

[Tchalitchi choyera, kutsogolo kuli kapinga]

Imani kaye apa, makamaka inu a CCAP Nkhoma Sinodi. Ichi ndi tchalitchi cha Dutch Reformed, chinamangidwa mu 1847. Mpingo umenewu, wa kuno ku Cape, ndi womwe unatumiza amishonale kwathu, Andrew Charles Murray ndi Vlok anakayamba ntchito pa Mvera ku Dowa mu 1889, kenako Nkhoma. Ndiye mukaima pano musadzione ngati mlendo kwenikweni, pali kachibale. Loweruka pabwalo la tchalitchili pamakhala msika, ndipo ngati thumba ndi lopepuka idyerani pamenepa, mukhuta ndi ndalama yomwe mkati mwa lesitilanti ingangokwana supu.

Za kasitima ka vinyo kaja mumakaona pa TikTok, wine tram, kanayamba mu 2012, kamayenda pa njanji yakale nkumakutsitsani mmafamu a mphesa kukalawa vinyo. Imeneyo ndi vidiyo ina payokha, ndingoti musakwere ndi njala.

Mwezi wa July kumapeto kwa sabata yoyandikira pa 14 amachita chikondwerero cha Bastille, chokumbukira tsiku limene anthu a ku Paris analanda ndende ya mfumu yotchedwa Bastille, msewu wonse mbendera za blue, zoyera ndi zofiira, anthu atavala tizipewa tachiFrench. Ine zimandiseketsa pang'ono chifukwa Bastille inagwa mu 1789, ma Huguenot atachoka ku France zaka 100 zapitazo, sinali nkhani yawo nkomwe, koma bizinesi ndi bizinesi, July kuno ndi nyengo yozizira ndi mvula alendo amachepa. Eya, mvula yakuno imagwa June July August, mosiyana ndi kwathu, mutenge jekete.

[Mapeto a msewu, chipilala chikuoneka]

Tafika pothera. Ichi ndi Huguenot Monument, anachitsegulira mu 1948. Mayi wosemedwayo dzanja lina wagwira Baibulo, linalo unyolo woduka kusonyeza kuti amasuka pa chipembedzo, ndipo zipata zitatu zazitali kumbuyo kwakezo zikuimira Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Pambali pali museum, mumalipira pang'ono polowa. Msewu uwu wokhotera kumanzerewu ukukwera Franschhoek Pass, pamwamba pake mumaona chigwa chonse minda ya mphesa ili ndondondo.

Ine miyendo yatopa ndipo mnyamata uja anati ndidutsenso akamaweruka 4 koloko andilozere komwe anyamata amagula ufa ndi usipa. Ngati muli kuno ku Western Cape lembani mmunsimu muli dera liti, mwina sabata yamawa tikupezani.