Uthenga wa mawu kwa Tiyamike, za chitenje chofiira chija

Achemwali, mwaswera bwanji ku Nchaloko? Kuno ku Dublin tili bwino, kungoti mvula siikukata. Chithunzi cha kope la Tiyamike ndachiona. Mumuitane akhale pafupi, kapena mumusungire foniyi adzamvere akabwera kumjigo. Ndasankha kujambula mawu kuti amve ndi katchulidwe komwe.

Tiya, ndi amalume ako. Nkhani yako ya mayi amene mwana anamusowa pamsika ndaiwerenga mpaka pomaliza, ndi yokoma. Koma pamene aphunzitsi adula mzere wofiira paja sanalakwe ayi. Walemba kuti "She was putting on a red chitenje." Ndikudziwa komwe wazitola, kumudziko ambiri amayankhula choncho, ngakhale a m'maofesi. Koma mwini Chingerezi akamva zimenezo amaona mayi ali mkati movala, chitenje chili m'manja, akuchizunguliza m'chiuno, sanapise n'komwe nsonga yake. Ndiye taganiza, pakati pa msika wa Nchalo, dzuwa lili paliwombo, akabaza akuliza mabelu, mayi n'kumavalira pamenepo? Iwe umafuna kunena kuti pamene unamuona anali atavala kale. Chimenecho timati "She was wearing a red chitenje." Put on ndi ntchito ya kamphindi ya kuchipinda m'mawa. Wear ndi kukhala nacho m'thupi chovalacho, kaya uli pamsika, kaya uli kumaliro.

Kapangidwe kake sikovuta. Uyamba ndi was kapena were, kenako mneni wothera ndi ing. I, he, she ndi it zimatenga was. You, we ndi they zimatenga were. Mayi mmodzi, she was wearing. Amayi a Mvano akakhala gulu, "The women were wearing white blouses." Kukana, she was not wearing shoes. Kufunsa, was amadumphira kutsogolo, "What was she wearing?"

Funso limenelo ine ndimalimva kawirikawiri. Paja ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo agogo ena amaiwalaiwala. Wina akatuluka pageti osauza munthu, tisanathamange n'komwe, abwana amafunsa chomwecho, apolisi tikawaimbira amafunsanso chomwecho. Uyankhe kuti she was putting on a grey coat, adzaganiza kuti unawapeza akuvala jekete kuchipinda iwe n'kungowayang'ana osawaletsa. Waona kuti nkhani yasintha? Ndiye izi si za mayeso okha.

Tsopano tchera khutu, apa ndi pamene pali mamalikisi. Tensi imeneyi, past continuous, imagwira ntchito yoyala mphasa kuti nkhani ikhalepo. Chinthu chimene chinali chikuchitika kale chimatenga was ndi ing. Chimene chinangogwa mwadzidzidzi chimatenga simple past. Tamvera ichi, "She was wearing a blue headscarf when I saw her at the bus depot." Duku linali kumutu kuyambira m'mawa, n'chifukwa chake was wearing. Kumuona kunali kwa kanthawi, n'chifukwa chake saw. Mu nkhani yako muja ukanatha kulemba kuti "She was buying tomatoes when the child disappeared." Zikakhala ziwiri zochitikira limodzi, ika while, "While she was crying, the vendors were searching for the boy."

Ukafunsa kuti nanga wore amalowa pati, wore ndi wa chizolowezi kapena wa nkhani yonse yathunthu imene inatha. "She wore the same shoes every Sunday." Kapena "She wore a white dress at her wedding." Zonsezo n'zolondola. Koma ukamafotokoza mmene munthu ankaonekera pa nthawi imene diso lako linamugwera, gwira was wearing, sulakwa.

Wear sathera pa diresi ndi siketi. Duku, nsapato, patapata, ndolo, mikanda, wotchi, magalasi a maso, ngakhale perefyumu, zonsezi ndi wearing. Koma chikwama cha m'manja savala. Ife timasiyanitsa kunyamula, kusenza ndi kubereka, eni Chingerezi zonsezo amangoti carry. Mayi wa nsomba wochokera kudambo la Ndinde kapena ku Bangula, beseni pamutu, mwana kumbuyo, umulembe kuti "She was carrying a basin of fish on her head and a baby on her back." Ndipo chonde, "she was having a handbag" ndisadzaione m'kope lako. Have wa kukhala ndi chinthu salandira ing. Ndi she had a handbag, kapena she was carrying a handbag.

Tina ting'onoting'ono ndingothamanga nato. Kukula kumayamba, mtundu umatsatira, chovala pomaliza, a long green dress, osati a green long dress. Buluku ndi trousers, wopanda a kutsogolo, pokhapokha unene a pair of trousers. Tie amasanduka tying, t, y, i, n, g. Carry y wake sachoka, carrying. Ndipo wear, were ndi where ndi mawu atatu osiyana, tsamba lachiwiri lija wawasakaniza. Chitenje chisiye chitenje, wochonga pepala ndi Mmalawi, akuchidziwa. Ukafuna ukhoza kunena wrapper, koma ine sindiona chifukwa.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa ukudziwa lamulo la MANEB. Ukhoze Masamu, Biology, Agriculture, zonse bwinobwino, koma ukagwa Chingerezi setifiketi ya MSCE palibe. Ndipo mu composition timalikisi timathothoka pa tinthu ngati timeneti, kamodzikamodzi mpaka watsika giredi.

Ndiye uchite chonchi. Tenga zithunzi za ukwati wa azakhali ako ku Ngabu zili mufoni ya amayi akomo. Sankha azimayi atatu, aliyense umulembere ziganizo ziwiri, china cha zimene anavala, china cha zimene ananyamula kapena zimene ankachita, ndipo chimodzi mwa izo chikhale ndi when. Ukatha uwerenge mokweza, ujambule mawu, unditumizire Loweruka, ndi tsiku limene sindikhala pa shifiti.

Achemwali, ya bandulo ndiponya mawa pa Airtel Money pamodzi ndi ya mankhwala a amayi. Ikalowa mundiuze. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.