Makalata anu: bungwe likatsanzika, mkombaphala utsala ndi ndani?

Moni nonse kumene mukutimvera, kaya muli kudimba ndi kawailesi pambali, kaya muli mu minibasi. Sabata yatha tinakamba za sukulu za mkombaphala, zomwe enanu mumati za mmera mpoyamba, ndipo mwatilembera kwambiri, ena pa WhatsApp, ena papepala. Sitimaliza onse lero. Tiyambe ndi kalata ya ku Phalombe, alemba ndi mayi Nangondo.

"Zikomo achimwene a pawailesi. Ine ndine mlezi pa mkombaphala wa m'mudzi mwathu. Kale tinkasonkhanitsa ana pansi pa mtengo wa mango. Kenaka kunabwera bungwe lina, linatimangira chipinda cha njerwa zootcha ndi malata, linatipatsa mphika waukulu, makapu, mabuku a zithunzi ndi ufa wa phala mwezi ndi mwezi. Alezife anatitengera ku maphunziro a masabata awiri. Pulojekiti itatha anatsanzika bwinobwino, panali magule, amfumu analankhula. Kuyambira pamenepo ufa sunabwerenso. Chimbudzi chinagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023, mpaka lero sitinachikonze. Ana akangoona kuti pamafuwa palibe utsi amabwerera panjira. Tinalipo alezi anayi, awiri anasiya n'kupita kumaganyu, ndipo sindingawadzudzule chifukwa ntchitoyi ilibe ngakhale ya sopo. Kodi mabungwewa amangobwera kudzajambula zithunzi? Nanga ife titani?"

Tamva mayi, ndipo choyamba tikuthokozeni kuti inu simunasiye. Funso lanu loyamba ndiliyankha mosapsatira. Ambiri mwa mabungwewa sabwera kudzanamiza anthu, koma ndalama zomwe amagwiritsa ntchito si zawo. Amachita kupempha kwa opereka thandizo akunja, ndipo ndalamazo zimabwera ndi tsiku lake lothera, zaka zitatu, mwina zisanu. Nthawi zina sizifika n'komwe pa tsikulo: munamva mu 2025 boma la America litadula thandizo lodzera ku USAID, mapulojekiti ambiri anaima mwadzidzidzi, ogwira ntchito n'kubwerera kwawo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Pomwe ine ndimawapezera chifukwa ndi apa. Wopereka ndalama amafuna kuona chomwe ndalama yake yachita, ndiye chipinda chopaka utoto chimalowa mu lipoti mosavuta. Malipiro a mlezi salowamo, chifukwa ndi chinthu chofuna ndalama mwezi uliwonse mpaka kalekale, ndipo palibe bungwe limafuna kudzimangirira pamenepo. Zotsatira zake ndi zomwe mwalembazi: malata akuwala, mkati muli alezi awiri anjala ndi ana ochepa.

Tikumbutsanenso chiyambi cha sukuluzi. Zinayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la UNICEF, pofuna kuthana ndi kunyentchera kwa ana, ndipo zinachuluka m'zaka za m'ma 1990 pomwe Edzi inasiya ana amasiye ambiri m'midzi. Ndondomeko ya boma yoyamba pa nkhaniyi inatuluka mu 2003. Kuchokera pachiyambi, dongosolo lake linali loti mkombaphala ndi wa mudzi: mudzi upereke malo, usankhe komiti, upeze chakudya, alezi agwire modzipereka. Bungwe likabwera ndi ufa wa m'matumba, anthu amaiwala msanga gawo lawo, makolo amasiya kusonkha chimanga poti "abwana abweretsa". Nchifukwa chake tsiku lotsanzikana limakhala lowawa kuposa mmene zinalili pansi pa mango paja.

Tsono mutani? Musayambe ndi kulembera bungwe lina. Pemphani amfumu aitanitse makolo onse, amuna omwe, chifukwa misonkhano ya mkombaphala imadzaza amayi okhaokha pomwe nkhokwe amatsegula ndi abambo. Pemphani kamunda ka sukulu, mulime chimanga, soya kapena mtedza, ndi nandolo poti kwanuko amachita bwino. Ku Zomba a Save the Children anayesa njira imeneyi: m'malo mogawa phala anapereka mbewu ndi maphunziro a kalimidwe ndi kaphikidwe, ndipo ofufuza anapeza kuti ana anayamba kudya zakudya zamagulu ambiri, kusukulu ndi kunyumba komwe. Nthawi yokolola banja lililonse lipereke ndowa, musadikire mwezi wa Januwale pomwe aliyense ali pa njala. Chinanso, pitani ku ofesi ya Social Welfare kwa DC mukatsimikize kuti sukulu yanu ndi dzina lanu zili m'kaundula. Boma linayamba kupereka kangachepe kwa alezi ena ophunzitsidwa. Ndi ochepa amene akulandira, ndipo ndalamayo ndi yochepa, koma amene sali m'buku sangaganiziridwe n'komwe.

Kalata yachiwiri yachokera ku Mbayani mumzinda wa Blantyre, alemba ndi bambo Phiri, akuti amagulitsa makala.

"Mwana wanga wa zaka zinayi amapita ku mkombaphala wa pa tchalitchi, wothandizidwa ndi bungwe. Akabwera amangoimba nyimbo za Chichewa ndi kuumba ng'ombe zadothi. Mwana wa aneba amapita ku nasale yolipira, amatchula masiku a sabata m'Chingerezi. Mayi a kunyumba akuti tikongole ku banki mkhonde timusamutse, ati kumene aliko n'kongomwera phala. Mutithandize nzeru."

Bambo Phiri, ngongoleyo dikirani kaye. Mwana wa zaka zinayi akhoza kuloweza masiku a sabata m'Chingerezi osadziwa kuti lero ndi lachingati. Musanasankhe, tsiku lina musiye njinga ya makala kwa ola limodzi mukakhale kumbuyo kwa kalasi. Muone ngati mlezi akulankhula ndi ana kapena akungowakalipira. Muone ngati ana akufunsa mafunso, ngati akuwerengera zitsekerero za mabotolo kapena timiyala m'magulumagulu, ngati pali madzi osamba m'manja asanalandire phala, ngati chimbudzi ndi chakuti mwana wamng'ono sangagweremo. Ng'ombe yadothi mukuinyozayo ikulimbitsa zala zomwe zidzagwire pensulo akadzalowa Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Ndipo mwana amene wamva nthano m'chiyankhulo chake n'kutha kuibwereza mwadongosolo savutika kuphunzira kuwerenga. Nasale zolipira zilipo zabwino, sindikukana, koma zilipo zina zomwe ndi chipinda chimodzi chamdima, ana 50 pamkeka, akungokuwa zomwe mphunzitsi wanena.

Za phalazo, mayi akunyumba asachite nazo manyazi. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira, ndipo kupinimbira sikugwira msinkhu wokha, kumagwiranso ubongo. Bungwe la Mary's Meals, lomwe anayambitsa Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland, linayambira konkuno ku Malawi mu 2002 ndi ana 200, pa mfundo yoti mwana wanjala saphunzira. Lero likudyetsa ana oposa 1 miliyoni m'Malawi, ambiri m'sukulu za pulayimale komanso ena a mkombaphala. Onani mmene amachitira: iwo amabweretsa ufa wa Likuni Phala, wa chimanga ndi soya wothiramo mavitamini, koma odzuka m'bandakucha kukasonkha moto ndi kutakasa ndi makolo a pamalopo. Ngati mayi ali ndi mpata, akalowe nawo m'gulu lophika, adzaona okha zomwe zimachitika mkalasimo.

Uthenga wachidule uwu wachokera kwa mnyamata wina wa ku Mchinji, sanalembe dzina. Akuti, "Tikukangana ndi anzanga, kodi n'zoona kuti Roger Federer wosewera tenesi uja anamanga sukulu za mkombaphala kuno ku Malawi?" N'zoona achimwene, mwawina mkanganowo. Bungwe lake lakhala likuthandiza ntchitoyi kuyambira 2011 mogwirizana ndi ActionAid Malawi, ndipo mwini wakeyo anabwera kudzaona mu 2015.

Tiwerenge ina imodzi. Iyi yachokera ku Johannesburg, alemba ndi bambo wina wa kwawo ku Mangochi.

"Tilipo anyamata angapo a mudzi umodzi kuno ku Joni. Kwathu mabungwe safika, amathera m'midzi ya m'mbali mwa tala. Tikufuna tisonkhe ndalama timange mkombaphala. Tiyambire pati? Kodi tilembetse bungwe?"

Dandaulo lanu la midzi ya m'mbali mwa tala timalimva kawirikawiri. Galimoto ya bungwe imapita komwe ingafike ndi kubwerako tsiku lomwelo, ndipo ngakhale pulojekiti yaikulu ya boma ya ana aang'ono, yothandizidwa ndi World Bank kuyambira 2018, inafika m'maboma 13 okha mwa 28. Choncho maganizo anuwa ndi abwino zedi. Kulembetsa bungwe ku NGORA, ofesi yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, kuli ndi mapepala ndi ndalama zake chaka ndi chaka, pa sukulu imodzi ya m'mudzi simukufunikira zimenezo. Chofunika ndi komiti ya makolo yodziwika kwa amfumu, ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndi ku Social Welfare, ndipo a Social Welfare omwewo ndi amene angakuuzeni za maphunziro a alezi.

Koma mwamva kalata ya mayi Nangondo. Musathire ndalama zonse pa simenti. Ana akhoza kuyambira m'chipinda cha pa mzikiti kapena pa tchalitchi chomwe m'mawa chimangokhala. Gwirizanani kaye kuti mwezi uliwonse mudzatumiza zingati za alezi, ndalama yomwe mungakwanitse ngakhale mwezi umene ntchito yavuta, ndi zingati za mbewu nyengo yadzinja ikamayandikira. Ndalamazo zisamapite kwa m'bale wa mmodzi wa inu, zizipita kwa msungichuma wa komiti, ndipo azikutumizirani chithunzi cha buku lomwe alezi asainira. Njerwa anthu akumudzi aumbe okha, inu mudzagule malata chaka chachiwiri mukaona kuti ana akubwerabe.