Damu likamaphwa, ndani amawerenga madzi otsala?

A mfumu, a komiti ya chitukuko, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwaima kumbuyoko, zikomo kwambiri chifukwa chosiya ntchito zanu masana ano. A wapampando anandipempha kuti ndilankhule za madzi pa nthawi ya chilala, ndipo mwina ena mukuyembekezera kuti ndikulangizeni kutseka mipopi ndi kukolopera m'nyumba madzi otsala pochapa. Za zimenezo sindilankhula, pakuti mayi amene amalawirira tambala woyamba kukandandika zigubu pa kiyosiki amadziwa kusamala madzi kuposa ine. Nkhani yanga ikukhudza bungwe limene limatigulitsa madziwo: damu likayamba kuphwa, ndani amaliyang'anira, ndipo ife eni mzinda timadziwa bwanji kuti zimene likutiuza ndi zoona? Kuti timvetse bwino, tiyeni tipite kaye ku Cape Town, m'dziko la South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, chifukwa zimene zinachitika kumeneko pakati pa 2015 ndi 2018 zinachitikira poyera.

Ku Cape Town mvula imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene kuno tili m'kati mokolola ndi kuotha moto. Mzindawu, womwe uli ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni, umamwa madzi a m'madamu akuluakulu asanu ndi limodzi, ndipo lalikulu koposa ndi la Theewaterskloof, limene palokha limasunga pafupifupi theka la madzi onsewo. Mvula inavuta mu 2015, inavutanso mu 2016, ndipo mu 2017 inachita kunyanya. Chaka chimodzi choipa damu limapirira, koma zaka zitatu zotsatizana zinasiya Theewaterskloof ali mchenga ndi zitsa za mitengo imene inamira pomanga damulo. Akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa, ndipo ndi pamenepo anthu a mumzindawu anazindikira kuti moyo wawo wonse unatsamira pa mvula yokha.

Khonsolo ya mzindawu, imene ndiyo imagawa madzi, inalengeza za tsiku limene inalitcha Day Zero, ndiye kuti tsiku lotseka mipopi ya m'makomo. Lamulo lake linali lomveka kwa aliyense: madzi a m'madamu onse pamodzi akatsika kufika pa 13.5 peresenti, mipopi itsekedwa, ndipo munthu aliyense azikatunga malita 25 patsiku pa malo pafupifupi 200 amene anakonzedwa. Mukagawa anthu 4 miliyoni pa malo 200, ndiye kuti pa malo amodzi pakanadalira anthu 20,000. Mungafunse kuti bwanji osadikira kuti damu lifike pansi penipeni. Yankho lake ndi lakuti madzi omaliza m'damu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, amakhala osakanikirana ndi matope ndipo ndi ovuta kupopa. Mu Januwale 2018 khonsolo inanena kuti tsikulo lifika pa 12 Epulo, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale munthu aliyense analamulidwa kuti asapitirire malita 50 patsiku, omwe ndi ndowa ziwiri ndi theka za malita 20, kumwa, kuphika, kusamba, kuchapa ndi ku chimbudzi komwe.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tikhazikike. Sabata iliyonse khonsolo inkatulutsa manambala: madzi atsala angati m'damu lililonse, atsika bwanji poyerekeza ndi sabata yatha, mzinda wonse wagwiritsa ntchito malita angati patsiku, ndipo tsiku lotseka mipopi lasuntha kupita kuti. Manambalawa ankalembedwa m'nyuzipepala, kuwerengedwa pa wailesi, ndi kuonetsedwa pa zikwangwani za m'misewu ikuluikulu. Anthu ophunzira a ku yunivesite ya Cape Town ankawatenga n'kuwerengera okha kuti aone ngati khonsolo ikunena zoona, atolankhani ankapita kukajambula madamuwo, ndipo munthu wamba ankatha kutsata nkhaniyo monga mmene timatsatira mtengo wa chimanga. Mzinda umene m'nyengo yotentha ya 2015 unkamwa malita pafupifupi 1,200 miliyoni patsiku unatsika kufika pa malita 500 miliyoni ndi pang'ono kumayambiriro kwa 2018. Zina zinatheka chifukwa akatswiri anachepetsa mphamvu ya madzi m'mapaipi, zimene zimachepetsanso madzi otayika pa malo obooka, ndipo zina zinatheka chifukwa cha mitengo yokwera komanso mantha. Koma ine ndimakhulupirira kuti munthu amavomera kusamba ndi kabeseni kamodzi pamene akuona ndi maso ake kuti kudzimana kwake kukukankhira tsiku loipa patsogolo. Mukangomuuza kuti madzi achepa, osamuonetsa kuti achepa bwanji, amayamba kukayikira kuti mwina kwa ena akutuluka usana ndi usiku.

Kuyang'anira sikunathere pa kuwerenga manambala a m'damu, kunafika pa ndalama. Mvetsetsani bwino mmene bungwe la madzi limapezera ndalama: limagulitsa madzi, ndipo likapempha anthu kuti achepetse, ndalama zolowa zimatsika, pamene malipiro a antchito, mankhwala otsukira madzi, magetsi opopera ndi ngongole zili pomwepo. Choncho pa chilala bungwe limakhala ndi njala ya ndalama, ndipo limayang'ana m'thumba la yemwe uja amene wamvera pempho lake. Chakumapeto kwa 2017, meya wa Cape Town, mayi Patricia de Lille, anabweretsa ganizo la msonkho wapadera wa chilala, woti uziwerengedwa potengera mtengo wa nyumba ya munthu, osati madzi amene wagwiritsa ntchito. Malamulo a kumeneko amakakamiza khonsolo kumva maganizo a anthu isanakhazikitse msonkho wotere, ndipo anthu masauzande ambirimbiri analemba makalata otsutsa. Dandaulo lawo linali lakuti munthu amene wadzimana madzi akulangidwa mofanana ndi amene akuthirira kapinga. Mu Januwale 2018 makhansala anautaya msonkhowo, m'malo mwake n'kukweza kwambiri mtengo kwa ogwiritsa ntchito madzi ambiri. Ndisakunamizeni kuti nkhani inathera pamenepo, chifukwa pakati pa chaka chomwecho khonsolo inayika ndalama yokhazikika ya pamwezi pa mita iliyonse, ndipo ambiri anaona ngati msonkho uja wabwerera atavala malaya ena. Komabe anthu anaona kuti kalata yolembedwa pa nthawi yake, ikafika pa khomo loyenera, imasintha ganizo la akuluakulu.

Palinso mbali imene siyikondweretsa, ndipo kwa ife okhala m'makomboni ndi yofunika kuposa zonse. Anthu okhala m'zisakasa, m'madera ena a Khayelitsha ndi malo ena otere, ankagwiritsa ntchito pafupifupi 4 peresenti yokha ya madzi a mzinda wonse. Mabanja ambiri kumeneko amagawana mpopi umodzi, ndipo mzere wa zigubu umene anthu a m'nyumba za mipanda ankauopa ngati tsoka lobwera, iwo anabadwiramo. Pamene lamulo la malita 50 linkalengezedwa, ambiri a iwo anali asanafikepo pa malita 50 patsiku. Olemera ena anakumba zitsime zawozawo, anagula mathanki, anagula madzi a m'mabotolo. Pa nthawi yomweyo, zipangizo zoyikidwa pa mita zimene zimatseka madzi banja likafika pa mlingo wake wa tsiku zinali zitayikidwa kale kwa zaka zambiri m'nyumba za osauka amene anali ndi ngongole, ndipo banja la anthu khumi pa mita imodzi linkapezeka madzi atha dzuwa lisanafike pamutu. Magulu a anthu anachita zionetsero pa nkhani imeneyi, akumakumbutsa boma kuti gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi madzi okwanira. Khonsolo inatulutsanso mapu pa intaneti oonetsa nyumba zimene zikusamala madzi, ndipo ena anadandaula kuti zimenezi zikuyalutsa zinsinsi za mabanja ndi kudanitsa anansi. Dandaulo limenelo ndi lomveka, koma ine ndikuona kuti funso lakuti madzi akupita dera liti, ndipo ochuluka bwanji, ndi funso limene mzinda uyenera kuyankha poyera, ngakhale osatchula nyumba ya munthu.

Vuto lina linali kulozana zala. Madamu ena akuluakulu ndi kagawidwe ka madzi pakati pa mzinda ndi alimi zili m'manja mwa unduna wa boma lalikulu, lomwe linali la chipani cha ANC, pamene khonsolo ndi chigawo cha Western Cape, momwe muli mzindawu, zinali za chipani cha DA. Miyezi yambiri inatha mbali ziwirizi zikukankhirana mlandu, ndipo boma lalikulu linalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse mu Malichi 2018, zinthu zitafika kale poipa. Alimi a mphesa ndi zipatso anadulidwa madzi awo ndi 60 peresenti, ndipo antchito ambiri a m'minda anataya ntchito. Mu Febuluwale 2018 alimi a ku Grabouw, dera la minda ya zipatso kufupi ndi Cape Town, anatsegula madamu awo n'kupereka ku mzinda malita pafupifupi 10 biliyoni. Mphatso imeneyi, pamodzi ndi kudzimana kwa anthu, inasuntha tsiku lija mpaka mvula ya Juni inagwa, ndipo mipopi sinatsekedwe. Mu 2020 madamu anadzazanso.

Tibwerere kuno ku Lilongwe. Madzi athu amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, umene umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama, n'kusungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Ambiri mukukumbukira 2016, chaka chimene mtsogoleri wa dziko analengeza za ngozi ya chilala mu Epulo, pamene madzi ankagawidwa mosinthanasinthana m'madera, ndipo mukukumbukiranso kuti asilikali anatumizidwa ku Dzalanyama kukaletsa kuotcha makala. Mu Malichi 2024 ngozi ya chilala inalengezedwanso m'maboma 23 mwa maboma 28. Choncho chilala china chidzabwera, ndipo nthawi yokonza njira zofunsira mafunso ndi ino, madzi akadali m'damu.

Kusiyana kwathu ndi Cape Town ndi kwakuti kuno madzi sali m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Lamulo la 1995 ndi limene limayendetsa mabungwe asanu a madzi: la Lilongwe, la Blantyre, ndi atatu a m'zigawo za kumpoto, pakati ndi kummwera. Awa ndi makampani a boma, ndipo akuluakulu owayang'anira amasankhidwa ndi boma, osati ndi voti yathu. Khansala wathu atha kutilankhulira, koma alibe mphamvu yolamula bungwe la madzi. Makomo athu ndi ena: phungu wathu ndi makomiti a Nyumba ya Malamulo amene amaitanitsa mabungwe a boma kuti afotokoze za ndalama, ofesi ya Ombudsman imene imamva madandaulo a kusowa chilungamo m'maofesi a boma, bungwe loimira ogula la CAMA, ndi mabungwe athu a ogwiritsa ntchito madzi amene amayendetsa makiyosiki. Koposa zonse tili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku mabungwe a boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene limaonetsetsa kuti likutsatidwa. Lamulo limeneli limalola komiti ngati yathu ino kulemba kalata yofunsa, ndipo bungwe lofunsidwalo liyenera kuyankha m'masiku oikika.

Nanga m'kalatamo tifunsemo chiyani? Choyamba tipemphe kuti mlingo wa madzi m'madamu a ku Malingunde uzilengezedwa sabata iliyonse pa wailesi m'Chichewa, pamodzi ndi mlingo umene ukafikidwa kugawa madzi kumayamba, kuti tisamadzidzimuke mpopi ukungotulutsa mpweya. Tipemphe ndondomeko yolembedwa yoonetsa maola amene dera lililonse lizilandira madzi, madera a nyumba za mipanda ndi makomboni pa pepala limodzi, kuti aliyense athe kuyerekeza. Tifunse kuti mwa madzi onse amene amatsukidwa, ndi angati amatayika m'mapaipi obooka kapena kubedwa ndi olumikiza mozemba, pakuti madzi amenewo anathiridwa mankhwala ndi kupopedwa ndi magetsi, ndipo mtengo wake umabwerera pa bilu yathu. Pamenepa ifenso tili ndi mlandu, chifukwa wolumikiza mozemba nthawi zambiri timamudziwa, ndipo paipi ikaphulika pamsewu timailambalala poganiza kuti wina wakanena kale. Tifunsenso kuti maofesi a boma ali ndi ngongole yochuluka bwanji ya madzi, nkhani imene nyuzipepala zakhala zikulemba kwa zaka zambiri, chifukwa n'kovuta kumvetsa kuti banja lidulidwe madzi pa ngongole ya mwezi umodzi pamene ofesi yaikulu ikumwa osalipira.

Koma tisangodikira manambala a ku ofesi, tikhale ndi athu. Ndikupempha kuti pa kiyosiki iliyonse m'dera lathu pakhale kope, ndipo wogulitsa madzi azilemba tsiku lililonse ola limene madzi abwera, ola limene asiya, ndi mtengo wa ndowa tsiku limenelo. Amene muli ndi mipopi pakhomo, werengani mita yanu tsiku loyamba la mwezi ndi kulemba nambalayo kuseri kwa bilu. Pakatha miyezi itatu tidzaphatikiza makope onsewo, ndipo tikadzakhala pansi ndi akuluakulu a bungwe la madzi sitidzanena kuti madzi amavuta, tidzanena kuti pa kiyosiki yakuti madzi anatuluka maola angati m'mwezi wa Okutobala. A mlembi ali ndi makope asanu ndi limodzi pa tebulo apa, ndipo tikufuna anthu awiri pa kiyosiki iliyonse, mayi mmodzi ndi wachinyamata mmodzi, kuti alembetse mayina awo tisanabalalike. A mfumu, ndabweza mawu kwa inu.