Mzukwa wa mu lesitilanti: tiyambire pa mbaula

Muli bwanji nonse a ku Chipata, a ku Katete, a ku Lundazi, ndi inu amene mukutionera muli kutali. Lero tikamba za lesitilanti imene anthu amati muli mzukwa.

Nkhani yake mukuidziwa, poti tauni iliyonse ili ndi yake. Mlonda akuti pakati pa usiku mapoto amalira okha kukhitchini. Mtsikana woperekera zakudya akuti potseka mawindo anaona munthu ataima pakhomo la sitolo, kutembenuka bwino, palibe. Wophika akagona kuchipinda cha kumbuyo amadzuka china chitamukhala pachifuwa. Sabata isanathe nkhani ili pa WhatsApp, ndipo pofika pa msika wa Kapata yasintha kale: ati mwini wake anakhwima, ali ndi ndondocha zomukokera makasitomala. Muno sinditchula lesitilanti iliyonse, chifukwa chake mumva.

Sindinabwere kudzaseka munthu. Ife tinakula tikudziwa kuti womwalira amaperekezedwa bwino, pali kumeta, pali bona, kuti mzimu wake ukagone. Ndiponso tauni yathu ya Chipata ndi yakale. Pomwe inkatchedwa Fort Jameson inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, ndipo nyumba zakale zadutsamo anthu ambiri. Amene akuti anaona kanthu, kawirikawiri sakunama. Funso langa ndi lakuti anaona chiyani.

[Pa chithunzi: kachipangizo ka m'manja, timagetsi take tikuthwanima]

Pa YouTube mwaonapo osaka mizukwa a ku Ulaya ndi ku America atanyamula kachipangizo aka, EMF meter. Timagetsi take tikayaka amafuula kuti mzukwa wayankha. Ntchito yake yeniyeni ndi kupima mphamvu imene imazungulira nthambo ndi zipangizo za magetsi. Ndiye taganizani khitchini ya lesitilanti: firiji, fani, nthambo zolumikizalumikiza m'khoma, foni m'thumba la wojambulayo. Kamayenera kuthwanima basi. Timadontho toyera tooneka m'zithunzi za usiku, nthawi zambiri ndi fumbi kapena tizilombo touluka tomwe tawalitsidwa pafupi ndi diso la kamera.

Za phokoso sitichedwapo. Malata amafutukuka ndi dzuwa la masana, usiku akamazizira amabwerera, n'kumalira kuti tha! tha! ngati wina akuyenda padenga. M'siling'i muli makoswe ndi mileme. Tsono onani ichi bwino. Malaiti apita madzulo, nyumba yonse ili zii. Abwera cha m'ma 2 koloko usiku. Firiji yaikulu ija imadzuka ndi kunjenjemera, pamwamba pake asanjikapo mapoto ndi zivundikiro, pambali pake yatsamira shelefu ya matambula. Mlonda ali panja, sanaone kuti malaiti abwera chifukwa mababu onse anazimitsidwa. Iye wangomva mapoto.

Ku England kunali injiniya wina dzina lake Vic Tandy, amene ankagwira ntchito mu labotale yomwe anzake ankati muli mzukwa. Usiku wina ali yekha anamva kuzizira, thukuta lili kamukamu, n'kuona chinthu chotuwa m'mbali mwa diso. Mawa lake anabweretsa lupanga lake lamasewera kuti alikonze, analimanga pa chopanira, lupangalo n'kuyamba kunjenjemera lokha. Atafufuza anapeza kuti fani yatsopano yotulutsa mpweya inkapanga phokoso lotsika kwambiri, la 19 Hz (kutanthauza kunjenjemera ka 19 pa sekondi), pomwe khutu la munthu limayambira kumva cha pa 20 Hz. Fani itazimitsidwa, zoopsazo zinatha. Analemba zimenezi mu 1998.

Koma musathamange nazo. Patapita zaka, katswiri wa za maganizo a munthu Chris French ndi anzake ku yunivesite ya Goldsmiths, mu London, anakonza chipinda chapadera, n'kumalowetsamo anthu, ena akuwaikira phokoso lotsikalo, ena ayi. Zimene anafalitsa mu 2009 zinaonetsa kuti ambiri anamvadi zachilendo, koma sizinatsatire phokosolo. Zinatsatira mtima wa munthu, mmene amatengekera ndi zimene akuyembekezera. Kwa ine apa ndi pofunika. Mtsikana woyamba ntchito lero akauzidwa m'mawa kuti muno mumayenda munthu usiku, pofika madzulo maso ndi makutu ake akhala akusaka munthuyo tsiku lonse. Apuloni yopachikidwa pamsomali ikwanira.

Nanga wophika uja wopanidwa pachifuwa? Munthu akamalota, ubongo umamanga minofu kuti asamachite zimene akulotazo. Nthawi zina amatsitsimuka thupi lisanamasuke. Maso ali pwii, koma dzanja silisuntha, mawu satuluka, ndipo maloto amalowerera m'chipinda momwemo. Zimatha pa timphindi. Zimakonda anthu osagona mokwanira, ogona nthawi zosinthasintha ndi ogona chagada, ndiye ganizani munthu woweruka 11 koloko usiku n'kudzuka 4 koloko kukasonkha moto.

Tsopano chifukwa chimene sindikutchulira dzina. Nkhani ya mzukwa kwathu kuno siimira pa mzukwa. Imafunafuna munthu. Lero ndi mwini lesitilanti, mayi amene anayamba ndi kugulitsa vitumbuwa, makasitomala amuthawa, antchito achotsedwa. Mawa ndi agogo a kuseri kwa mpanda, amene mlandu wawo ndi ukalamba basi. Lamulo la Zambia la Witchcraft Act, Chapter 90, limati kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Amene mumatumiza mavoisi noti aja, dziwani zimenezo. Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, abale anga, mbiri ya munthu siibwerera msanga.

Ndipo pamene tonse tatanganidwa kuloza zala, chinthu chimene chingaphedi munthu chili phee pakona.

[Pa chithunzi: mbaula ya malasha m'kachipinda kotseka]

Mu 1921 dokotala wa maso wa ku America, William Wilmer, anafalitsa nkhani ya banja lina limene linasamukira m'nyumba yakale. Ankamva mapazi, mabelu, ankaona anthu ataima pafupi ndi bedi, ana akufooka, mitu ikuwawa, ngakhale maluwa a m'nyumba anafota. Atafufuza anapeza kuti ng'anjo yotenthetsera nyumba inali yowonongeka, inkatulutsira mpweya wapoizoni wa carbon monoxide m'zipinda. Itakonzedwa, mizukwa inatha.

Ife ng'anjo zoterozo tilibe, tili ndi mbaula. Mwezi wa Juni ndi Julaye mphepo ya m'mapiri a Chipata mukuidziwa. Ntchito yatha, pa mbaula yophikira nsima patsala moto wabwino. Mlonda kapena mnyamata wotsuka mbale auona kuti ndi wosataya, aulowetsa m'sitolo, atseka chitseko, m'munsi atsekapo ndi saka kuti mphepo isalowe. Malasha akamayaka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide. Alibe fungo, alibe mtundu, satsokomoletsa. Malasha atafiira bwino, utsi utatha, m'pamene munthu amaganiza kuti palibenso vuto, koma mpweyawo ukutulukabe. Ukalowa m'magazi umakakamira pamalo a oxygen mwamphamvu kuposa ka 200. Kumayamba mutu, chizungulire, nseru, miyendo kulemera, kenako maganizo kusokonezeka, munthu n'kumaona ndi kumva zomwe palibe. Amene ali mtulo mwina sadzukanso. Jenereta yolizidwa m'khonde lotseka kapena pafupi ndi windo imachita chimodzimodzi.

Ndiye ngati muli ndi lesitilanti ndipo antchito ayamba kudandaula, musawakalipire, musawaseke. Khalani nawo pansi mmodzimmodzi. Afunseni kuti zinachitika nthawi yanji, ali chipinda chiti, malaiti analipo kapena ayi, mbaula inali kuti, mutu unawawa kodi, nanga atatuluka panja anapeza bwino? Ngati anthu awiri atatu akudwala mutu m'chipinda chimodzi n'kumachira akatuluka, musadikire usiku wina. Mukufuna kuitana abusa adzapemphere, aitaneni, koma mbaula igone panja, jenereta ikhale kutali ndi mawindo, ndipo wodziwa za magetsi adzaone nthambo.

Mukapeza mnzanu m'mawa ali wofooka, akulankhula zosamveka, akuti usiku kunabwera anthu, tsegulani zitseko, mutulutsireni panja pa mphepo nthawi yomweyo. Musatayire nthawi pomumwetsa mkaka, suchotsa mpweya umenewu m'magazi. Pitani naye ku Chipata Central Hospital kapena kuchipatala cha pafupi, ndipo mukafika muwauze anamwino kuti anagona ndi mbaula.