Alamu, chigubu chonsecho musathire

Halo alamu, mwaswera bwanji. Uthenga wanu ndauona, kungoti ndinali kunsi kwa galimoto manja ali bii, foni sindikanaigwira. Ndiye mwati mwagula chigubu cha malita 5, mukufuna mawa musinthe nokha oilo mu Sienta. Chabwino, si ntchito yovuta, kumasula ndi kukhutula wakaleyo mukudziwa kale, pamenepo sinditayapo nthawi. Koma tamverani. Chigubu chimenecho musathire chonse. Injini yanuyo, ya 1.5 ija, imamwa malita osakwana 4, ndipo apo n'kuti mwasinthanso fyuluta. Wotsalayo ndi wosunga. Musamve chisoni kuti ndalama zanga zatsalira m'chigubu, ayi, muikeni m'buti, adzagwira ntchito tsiku lina.

Chifukwa chake, eee, tiyambe chonchi. Oilo amakhala pansi, mu sampu, beseni lija la kunsi kwa injini. Pamwamba pake pali kiranki, chitsulo chimene chimazungulira mapisitoni akamakwera ndi kutsika. Mukamathamanga pamsewu chimazungulira ka 2,000 kapena ka 3,000 pa mphindi imodzi. Anachikonza kuti chisamakhudze oilo wa mu sampu. Ndiye mukadzazitsa, oilo uja amakwera, kiranki n'kuyamba kumumenya. Mukudziwa mmene dzira limachitira thovu mukalimenya ndi foloko? Ndi zomwezo. Pampu m'malo mokoka oilo imakoka thovu, ndipo thovu ndi mphepo, alamu, mphepo siteteza chitsulo. Mabering'i, tizitsulo timene kiranki imazungulirapo, amayamba kudyeka oilo ali tho. Apa ndi pamene anthu samvetsa. Amati zatheka bwanji injini kugogoda chonsecho oilo ndinathira wambiri. Eya, ndi wambiriyo wakuphera.

Chachiwiri... ayi dikirani, ndisanafike kumeneko ndinene za kayezedwe, chifukwa vuto lonse limayambira pamenepo. Malo. Malo oimikapo galimoto. Kwanu ku Chilomoni kuja pabwalo panu ndi potsetsereka, ndimapadziwa, mumachita kuika mwala kutayala. Pamenepo dipisitiki, kandodo koyezera oilo kaja, imanama. Oilo amathawira mbali imodzi ya sampu, ndiye kutengera komwe galimoto yayang'ana ikhoza kukuonetsani kuti wachepa pamene ali bwinobwino. Ine zinandichitikirapo ku Ndirande ndikuphunzira ntchito, ndinayeza pamtunda, n'kuwonjezera, kutsikira nayo pansi kuyezanso, wadutsa mzere ndi chala chonse. Blantyre yathuyi malo athyathyathya ndi osowa, ndiye sakani. Ngati kunyumba kulibe, pitani pa filling station mukayezere pa simenti paja.

Ndiye mwapeza malo abwino. Thirani malita 3 kaye, 3 basi. Tsekani chivundikiro, lizani injini kwa mphindi imodzi kuti fyuluta yatsopano ija imwe gawo lake, kenako zimitsani. Apa dikirani. Mphindi 5, ngakhale 10. Musathamange, oilo amakhala adakali kumtunda, akutsika pang'onopang'ono. Mukayeza nthawi yomweyo muona ngati wachepa, muwonjezera, ndiye mwadzazitsa kale. Mwamva? Kuzimitsa, kudikira, kenako kuyeza. Osati kuyeza injini ikulira, ayi.

Solola dipisitiki... pepani, sololani, ndazolowera kukalipira anyamata anga kuno. Sololani, pukutani ndi kansalu koyera, bwezerani mpaka ifike pansi penipeni, isatsalire, kenako sololaninso. Kachiwiriko ndiye koona. Oilo watsopano amavuta kuona, sakhala wakuda, ndiye muipendeketse padzuwa muone pamene panyowa pathera. Pali timadontho tiwiri, kapena timizere, kamunsi ndi kamtunda. Pakati pa tiwirito, pa magalimoto ambiri, ndi pafupifupi lita imodzi. Ndiye ngati ali pakatikati, chotsala ndi theka la lita, osati lita yathunthu. Thirani pang'ono, dikirani, yezani. Pang'ono, dikirani, yezani. Cholinga ndi chakuti afike pafupi ndi kadontho kamtunda koma asadutse. Ngakhale atatsala pang'ono kunsi kwake palibe mlandu.

Pali mkulu wina wa takisi, sindimutchula, amaima cha ku Limbe. Iyeyo chikhulupiriro chake ndi chakuti ulendo ukakhala wautali oilo azikhala wambiri, akuti injini izimwa m'njira. Ndinamuuza, bwana, si thanki ya petulo iyi. Anangoseka, akuti ine ndayamba kuyendetsa iwe usanamere mano. Wapeza hayala ya ku Lilongwe, wathira lita ina pamwamba. Sanafike ndi pa Zalewa pomwe. Ali cha ku Lunzu akundiimbira, utsi uli tolotolo kumbuyo, makasitomala atsika akuopa kuti galimoto ikupsa. Ndipo mpaka lero amati anamugulitsa oilo wachinyengo. Anthu ena, iii.

Utsi umenewo ndiye chachiwiri chija ndimafuna kunena. Oilo akachuluka, m'kati mwa injini mumakhala kupanikizika, ndiye amasaka potulukira. Wina amadutsa kapaipi kopumira kaja n'kulowa kumene kumalowera mpweya, n'kukapsa limodzi ndi petulo. Utsi wake ndi wotuwa mopita ku buluu, wonunkha oilo. Mapulagi amada, injini n'kumadumphadumpha, ndipo catalytic converter, chosefa utsi cha ku ekizozi chija, imatha kutsekeka nazo, chinthu chodula chimenecho. Wina amakankha ma seal, timphira totsekera kuti oilo asatuluke. Mudzangoona madontho pansi m'mawa pamene munaimika. Seal ya kumbuyo kwa kiranki ikaphulika, yokhayo si yodula kwenikweni, koma kuti tiifikire timatsitsa giyabokosi yonse. Ndalama imapita pa ntchitoyo. Za dizilo ndiye zoopsa kuposa apa, injini imatha kuyamba kudya oilo wake womwe n'kumalira yokha kiyi mutachotsa, koma yanu ndi ya petulo, tizisiye.

Tsono tinene kuti mwadzazitsa kale. Akadutsa kadontho pang'ono chabe, ngati kukhuthala kwa chikhadabo, musataye tulo. Koma akadutsa ndi chala, musayende nayo, ngakhale kungofika pa Ginnery Corner. Chotsani. Njira yosavuta ndi sirinji yaikulu ndi kapaipi kakang'ono kofewa, kulowetsa pa bowo la dipisitiki n'kumakoka pang'onopang'ono. Zimachedwa koma n'zaukhondo. Njira ina ndi kumasula bawuti ya pa sampu pang'ono, osaichotsa, kungoilola idonthe. Koma imeneyo injini izizire kaye, oilo wotentha amasupula khungu, ndipo bawuti ikakupulumukani m'manja yense akhuthukira pansi, muyambirenso kugula.

O, china ndisaiwale. Kanyale kofiira ka oilo pa dashibodi musakadalire. Kamaona mphamvu ya pampu, sikayeza kuchuluka, ndiye sikakuuzani kuti mwadzazitsa. Komanso mukadzaona oilo akukwera yekha inu musanathire, mununkhize. Akamamveka petulo, kapena wasintha mtundu wayererako, ndiye kuti mukulowa petulo kapena madzi, imeneyo ndi nkhani ina, mubwere nayo kuno.

Oilo wakale uja musathire m'ngalande, zonsezo zimakathera mumtsinje. Muikeni m'chigubu, mudzandipatsire ine. Ndiye mawa mukayeza komaliza, jambulani dipisitiki munditumizire musanachoke... eya ndikubwera, auzeni aimike pamenepo! Alamu, kwabwera kasitomala. Malita 3 kaye, paja ndatero. Moni kwa achemwali.