Galu amabwereza chimene chamupindulira

Zikomo amayi ndi abambo, agogo athu amene mwakhala kutsogoloku, ndi inu achinyamata mwaima kumbuyoko. Amene mwabwera ndi agalu, gwirani bwino zingwe ndipo musawayandikizane, kuti timvane.

Ndi angati pano amene galu wanu amakudumphirani mukangofika pakhomo? Takwezani manja. Eya, manja ndi ambiri. Nanga akakudumphirani mumatani? Ena mumamukankha, ena mumakalipa, ena mumamusisita pamutu kuti atsike. Zitatu zonsezi kwa galu ndi mphotho. Iye amafuna mumuyang'ane, mumukhudze, mumulankhule, ndipo inu mwamupatsa zonsezo chifukwa wadumpha. Mawa adumphanso, mphunzitsi wake ndinu nomwe.

Galu amabwereza chimene chamupindulira, chimene sichinamupindulire amachisiya. Nkhani yanga lero yagona pamenepo. Ndiye wodumphayo muzitani naye? Tembenukani, pindani manja, khalani chete. Miyendo yonse inayi ikangoponda pansi, pomwepo muyamikireni, musisiteni. Ndikuchenjezeretuni kuti masiku oyamba adzadumpha kuposa kale, chifukwa njira imene inkamuyendera yatsekeka ndipo akuikakamira. Ambiri amagonjera pamenepa, galu n'kuphunzira kuti kukakamira kumapindula. Komanso pakhomo ponse muzichita chimodzi. Bambo akamakana mwana n'kumalola, galu amadziwa kuti nthawi zina zimatheka, ndipo khalidwe limene limapindula mwa apo ndi apo ndi limene limavuta kwambiri kulizula.

Pa mphotho, chachikulu ndi nthawi. Galu amalumikiza chimene wachita ndi chimene chatsatira ngati papita sekondi imodzi kapena awiri basi. Mukafuna aphunzire kukhala pansi, gwirani kachakudya pafupi ndi mphuno yake, muzikakweza pang'onopang'ono kulowera kumbuyo kwa mutu. Mphuno ikamatsata m'mwamba, matako amatsika okha. Akangogunda pansi nenani "eya!" n'kumupatsa. Akazolowera, muyambe kunena kuti "khala" musanakweze dzanja. Liwu limodzi, kamodzi. Osati "khala, iwe khala, ndati khala pansi", chifukwa iye amangomva phokoso. Mphindi 5 zikwana, kawiri kapena katatu patsiku. Akadziwa bwino, chakudyacho muzimupatsa mwa apo ndi apo, khalidwelo lidzalimba monga momwe kudumpha kuja kunalimbira.

N'chifukwa chake chilango chochedwa chilibe ntchito. Mwabwera madzulo, mwapeza nsapato anaitafuna m'mawa, mwakalipa, galu wagwetsa makutu, mchira walowetsa pakati pa miyendo. Inu mukuti, "Mwamuona? Akudziwa kuti walakwa." Mu 2009 mayi wina wofufuza za agalu ku Barnard College mumzinda wa New York, Alexandra Horowitz, anayesa zimenezi. Mwini galu ankaletsa galu wake kudya kachakudya kena n'kutuluka m'chipinda. Pobwerera, nthawi zina ankauzidwa bodza, kuti galu wadya pamene sanadye, kapena kuti sanadye pamene wadya. Nkhope yooneka yolapa ija inkabwera galu akakalipiridwa, kaya wadya kaya sanadye. Moti agalu osalakwa amene anakalipiridwa ndi amene ankaoneka olakwa kwambiri. Galu amawerenga mkwiyo wanu, ndipo akuchonderera kuti musamupweteke. Za nsapato anaiwala kalekale.

Zimapweteka kwambiri pa nkhani yoitana. Galu wathawa, mwamuitana, wachedwa, pomaliza wabwera, inu n'kumukwapula. Mwalanga kubwerako. Tsiku lina adzathamangira kumsewu, mudzaitana, iye adzakumbukira chikwapu. Galu amene wabwera poitanidwa ayamikiridwe nthawi zonse, ngakhale mtima wanu ukuwira.

Ndikudziwa kuti pali abambo ena pano amene anamva kuti galu uzimugwetsa chagada n'kumupanikiza kuti adziwe bwana ndani. Ganizoli linachokera pa mimbulu yotsekeredwa kumalo osungira nyama ku Basel, m'dziko la Switzerland, imene Rudolf Schenkel analemba za iyo mu 1947. Mimbuluyo sinali banja limodzi, anangoisonkhanitsa mumpanda, ndiye inkalimbirana ulamuliro. David Mech, amene buku lake la mu 1970 linafalitsa kwambiri ganizoli, anadzakhala zaka zambiri akupita kukaonerera mimbulu yakutchire pachilumba cha Ellesmere ku Canada. Mu 1999 analemba kuti gulu la mimbulu kutchire ndi banja: bambo, mayi ndi ana awo. Amene anafalitsa ganizolo analisiya yekha, koma anthu akupanikizabe agalu pansi. Galu wopanikizidwa amakhala chete chifukwa cha mantha, ndipo agalu ambiri amene amaluma amaluma chifukwa cha mantha.

Galu asanalume amachenjeza, vuto n'lakuti ife sitimuwerenga. Amanyambita milomo popanda chakudya, amayasamula asali ndi tulo, amatembenuza mutu, choyera cha m'diso chimaoneka, thupi limauma gwa. Kenako amadzuma, kaphokoso kapansi kapakhosi kaja. Musamulange chifukwa chodzuma. Mukamumenya adzasiya kudzuma, koma chomuopsacho chikadalipo, ndiye ulendo wina adzaluma mosachenjeza. Achinyamata, mverani ichi: kupukusa mchira sikutanthauza chisangalalo nthawi zonse. Mchira woima m'mwamba, wouma, wogwedezeka pang'onopang'ono, umenewo ndi woti mutalikire. Ndipo ana asamakumbatire galu, asamamukwere, asamamudzutse akagona, asamamuyandikire akamadya.

Galu wodzuma pambale ya chakudya amaganiza kuti mwabwera kudzamulanda. Anthu ena pofuna kumuzoloweretsa amamulandadi mbaleyo, n'kumutsimikizira kuti mantha ake ndi oona. Chitani zosiyana. Akamadya dutsani chapatali, muponyereni kanthu kokoma kuposa zimene zili m'mbale, n'kumapita. Tsiku ndi tsiku muziyandikira pang'ono. Pakapita nthawi, akamva mapazi anu adzakweza mutu moyembekezera. Ntchito imeneyi ndi ya akuluakulu, musatume mwana.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. John Paul Scott ndi John Fuller anaphunzira tiagalu kwa zaka zambiri ku Bar Harbor m'dziko la America, ndipo buku lawo la mu 1965 linasonyeza kuti kuyambira pafupifupi milungu 3 mpaka 12 kagalu kamazolowera mosavuta chilichonse chimene kakumana nacho. Ikadutsa nthawiyi, chachilendo chimayamba kukaopsa. Choncho kagalu kakhale ndi mayi ake ndi abale ake mpaka milungu 8, chifukwa posewera ndi anzake ndi pamene kamaphunzira kuti kuluma kwambiri kumathetsa masewera. Mukakatenga, kaonetseni anthu osiyanasiyana, ana, okalamba, ovala zipewa, njinga, phokoso la galimoto, koma mofatsa, kali ndi mpata wobwerera m'mbuyo, ndiponso kutali ndi agalu amene simukudziwa ngati analandira katemera. Za kutafuna ndisachedwepo. Kagalu kali ndi mano 28 amene amaguluka kuti pamere 42, ndipo pakati pa miyezi 3 ndi 6 nkhama zimakayabwa. Kapatseni chotafuna chake, nsapato muziike pamwamba.

Tsopano za chakudya, popeza chakudya ndi mphotho yaikulu imene muli nayo m'manja. Galu amene mbale yake imakhala yodzaza tsiku lonse alibe chifukwa chogwirira ntchito kachidutswa kanu. Galu wamkulu adye kawiri patsiku pa nthawi yodziwika, kagalu katatu kapena kanayi. Mbale ikhale pansi kwa mphindi 15 kapena 20, kenako ichotseni. Mukatero mudzadziwanso msanga tsiku limene wasiya kudya, ndiponso mudzadziwa nthawi imene amafuna kukachita chimbudzi, chifukwa kagalu kamafuna kutuluka kakangodya, kakangodzuka ndi kakangomaliza kusewera. Zopatsa pophunzitsa zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsikulo, kapena mungotapa pa chakudya chake chomwecho.

Adye chiyani? Pali amene amati galu ndi mmbulu, adye nyama yokha. Mu 2013 Erik Axelsson ndi anzake ku yunivesite ya Uppsala ku Sweden anapeza kuti agalu ali ndi mphamvu yogaya sitachi, amene amapezeka m'zakudya monga nsima ndi mpunga, kuposa mimbulu, chifukwa chokhala ndi anthu kwa zaka masauzande. Ndiye zakudya za sitachi zophikidwa bwino amazigaya. Koma sitachi yekha samanga thupi. Muyezo umene opanga zakudya za agalu ku America amatsatira, wa bungwe la AAFCO, umati mapuloteni asachepere 18 peresenti kwa galu wamkulu ndi 22.5 peresenti kwa kagalu kokula, powerengera chakudyacho chitachotsedwa madzi. Nyama yokhayokha nayo ili ndi vuto lake: mnofu uli ndi kashiamu, uja amalimbitsa mafupa, wochepa kwambiri, ndipo kagalu koleredwa ndi mnofu wokha mafupa ake amafooka, amapindika, amathyoka msanga. Komabe musathamangire kuwonjezera kashiamu kwa tiagalu ta mitundu ikuluikulu, wochuluka amaononganso kakulidwe ka mafupa. Amene mumaphikira nokha galu, kambiranani ndi dokotala wa ziweto za kasakanizidwe kake. Posintha chakudya, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa mlungu umodzi, apo ayi atsekula m'mimba. Madzi aukhondo akhalepo nthawi zonse. Galu wa makilogalamu 20 amamwa pafupifupi lita imodzi patsiku, kukatentha amaposa.

Zina zimene ife timadya bwinobwino, kwa galu ndi poizoni. Chokoleti, makamaka chakuda, chimasokoneza mtima ndi ubongo wake. Anyezi ndi adyo, kaya wophika kaya wamuwisi, amaononga maselo ofiira a magazi, ndipo n'chifukwa chake zotsala za patebulo si zongokhuthulira m'mbale mwake. Mphesa, ngakhale zouma, zimatha kupha impso. Chotsekemeretsa chotchedwa xylitol, chimene chimapezeka m'chingamu china ndi m'mankhwala ena otsukira mano, chimagwetsa shuga m'magazi a galu mofulumira kwambiri. Mafupa ophika amasweka mosongoka n'kubaya matumbo. Ndipo chonde musamupatse mankhwala anu ochepetsa ululu monga ibuprofen, amamuyambitsa zilonda m'mimba n'kuononga impso.

Kunenepa nako musakuone ngati chizindikiro cha kusamala. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2002 anatsata agalu 48 a mtundu wa Labrador moyo wawo wonse. Anawaika awiriawiri, obadwa kwa mayi mmodzi, wina n'kumadya chakudya chochepera ndi 25 peresenti poyerekeza ndi mnzake. Odya mochepawo anakhala pafupifupi zaka 13, anzawo zaka 11 ndi miyezi yochepa, ndipo nyamakazi inachedwa kuwagwira. Pimani galu wanu ndi manja: nthiti muzizimva mosavuta popanda kudinikiza, koma zisamaonekere patali, ndipo mukamuyang'ana muli pamwamba chiuno chizioneka.

Amayi mwakweza dzanja kumeneko, nenani. Eya, akufunsa amayi kuti galu woleredwa mofatsa chonchi angalondere pakhomo? Amayi, kuuwa mlendo akafika galu sachita kuphunzitsidwa ndi nkhanza, ambiri amayamba okha akamakula. Kumumana chakudya kapena kumumangirira usana wonse kuti akhale wolusa kumatulutsa galu amene sasiyanitsa wakuba ndi mdzukulu wanu. Mlonda wabwino ndi amene amauwa, inu mukati "basi" n'kukhala chete. Zimenezo zimaphunzitsidwa monga "khala" uja: wauwa kawiri katatu, mwanena liwulo, mwaika kachakudya pamphuno, wasiya kuuwa kuti anunkhize, mwamupatsa. Ndipo galu wouwa usiku wonse popanda chifukwa kapena wokumba paliponse, kawirikawiri ndi amene sayenda, sasewera, sanunkhiza kanthu katsopano. Muyendetseni, ndipo poyenda mulekeni anunkhize, mphuno nayo imamutopetsa. Akamakoka chingwe imani, chikakhwefuka pitirizani.

Funso lina, achimwene uko. Galu amene anali wofatsa wayamba kuluma mwadzidzidzi? Ameneyo musayambe ndi maphunziro, yambani ndi dokotala wa ziweto. Dzino lobowoka, khutu lotupa mkati, msana kapena chiuno chowawa, zonsezi zimasintha khalidwe, makamaka kwa galu wokalamba. Koma ngati galuyo sanabayitse katemera wa chiwewe, kapena analumidwapo ndi nyama ina, ndipo tsopano akutuluka dovu, akulephera kumeza, akuluma chilichonse, mutsekereni osamukhudza ndipo muitane a zaziweto. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono, chifukwa katemera amagwira ntchito zizindikiro zisanayambe kuoneka.